Mpando Wakumanzere wa Datisani ya a Jenkins

Mng'ono wanga Maud anabadwa ndi matenda awiri, ndipo onsewo mankhwala ake sanapezeke. Oyamba ndi okwera mapiri popanda chimene akukatengako. Achiwiri ndi okonda magalimoto othamanga. Ine Jestina, mkulu wake, ndakalambira pamsika wa pa Mangochi ndikugulitsa usipa, ndipo phiri ndimaliona ngati malo otolako nkhuni basi. Koma nkhani ya mwana ameneyu ndisimba ndine, chifukwa mwini wakeyo mukamufunsa amangoseka n'kuyamba kukufotokozerani za magiya.

Kwathu ndi ku Nkope. Bambo athu, a Simioni, anali msodzi wa ukonde wa chilimila komanso mkulu wa mpingo ku Angilikani. Maud ali sitandade sikisi anaphwasula injini ya boti lawo, zitsulo zonse n'kuziyala pamphasa ngati akuyanika utaka. Bambo atabwera anangogwira pakamwa. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kuti mkwapulo usandiphatikize. Pofika madzulo injini ija inali italira, ndipo chifuwa chimene inkatsokomola chaka chonse chinali chitatha. Bambo sanamuyamikire. Anangoti, "Tasamba m'manjamo, ukuoneka ngati wachokera ku makala."

Mu 1983 anasankhidwa kupita ku yunivesite, ku Poly, kukaphunzira za injini. Ku Blantyre komweko n'kumene anakaonera koyamba mpikisano wa magalimoto. Anabwera pa holide maso ali gwa, akutiuza kuti m'galimoto yampikisano mumakhala anthu awiri. Wakumanja amagwira chiwongolero. Wakumanzere amagwira mapu ndi wotchi, n'kumauza mnzakeyo pokhota, potsetsereka ndi pofunika mabuleki.

"Woyendetsa ndi manja chabe, achemwali," anandiuza. "Maso ndi wakumanzereyo."

Kuyambira pamenepo holide iliyonse ankawoloka mlatho wa pa Shire m'mamawa n'kukwera mapiri a cha ku Namwera wapansi, kabuku kali m'manja, akulemba mtsinje uliwonse, mwala uliwonse ndi kanjira kalikonse. Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku, choncho mapiri onsewo anawakwera atavala diresi lofika m'akakolo ndi nsapato za tenesi, khadi la chipani lili m'thumba kuopa kubwezedwa panjira. Anthu akumeneko ena ankamuyesa woyeza malo wa boma, ena wamisala. Ine ndinali mbali ya achiwiriwo.

Pa boma panali makaniko wina, a Jenkins, munthu wofatsa wa imvi za m'mbali, amene anali ndi Datisani yobiriwira yomwe anaiwotcherera mapaipi m'kati. Chaka chilichonse kalabu ina ya ku Limbe inkabweretsa mpikisano kuno, ndipo pa anthu onse a m'boma lino ankalowa nawo ndi a Jenkins okha. Analowa katatu, katatu konse n'kusochera. Vuto linali kumanzere. Kumeneko kunkakhala alamu awo, a Tomasi, amene galimoto ikangoyamba kukhotakhota ankachita nseru, mapu n'kuwasandutsa chokupizira mphepo. Koma mlamu sachotsedwa pampando wamba, makamaka ngati mlongo wake ndi amene amakuphikira.

Mu Ogasiti 1985 Maud anapita kugalaja kwa a Jenkins, kabuku kake kali kukhwapa. Ndinamuperekeza kuti ndikamunyamule akamukana.

A Jenkins anatsegula kabukuko ndi zala zamafuta, n'kuwerenga nthawi yaitali.

"Zonsezi mwayenda ndi miyendo, mwana wa a Simioni?"

"Eya, bambo. Zina kawiri."

A Tomasi anali pa tayala chapafupi akusenda chinangwa. "Alamu, musatichititse manyazi," iwo anatero. "Azungu a ku Limbe aone mkazi wa diresi m'galimoto yampikisano? Adzati ku Mangochi amuna anatha."

A Jenkins anakanda m'mutu. "Tichite chonchi. Mpikisano umodzi wokha. Tikakhala pa atatu oyambirira, mpando ndi wanu. Tikalephera, ubwerera kwa alamu anga, ndipo nkhani yathera pompo."

Maud anavomera. Ine mtima unangoti myuu, chifukwa ndinkadziwa kuti mwanayu akautaya mpando umenewo sadzaupezanso kwina. Ndani wina akanamupatsa?

Tsikulo linali Loweruka. Magalimoto analipo khumi ndi imodzi, akunyamuka pabwalo la mpira imodziimodzi. Lamulo linali lakuti ufike pamalo asanu n'kusayinitsa khadi, koma njira yapakati uone wekha. Maud anavala chisoti chobwereka chimene chinkamugwera m'maso, diresi lake la buluu, ndi chitenje m'chiuno. Anthu anaseka ndithu, sindibisa. Zimene zinachitika kumapiriko ndinazimva kwa a Jenkins, ndipo ankazisimba mpaka mano anawathera m'kamwa.

Akuti pokwera chitunda Maud sankayang'ana n'komwe msewu. Ankangowerenga. "Kumanja kwambiri. Kamlatho kamatabwa, pakati penipeni. Pondani, bambo, pondani, apa palibe kanthu!" A Jenkins, amene anazolowera kumva kubuula kuchokera kumanzere, anaponda mafuta mpaka phazi kugunda pansi. Pofika posayinitsa pachitatu, patsogolo pawo panali magalimoto awiri okha, yofiira ndi yoyera.

Atatsika kachigwa kena n'kuyandikira mudzi, Maud anakuwa.

"Imani!"

"Chiyani? Tayala?"

"Masamba, bambo. Imani."

Pamsewu panali nthambi zamasamba zimene anthu amayala kukakhala maliro. Zinali zitamwazika, zina zitapondedwa, ndipo fumbi la magalimoto awiri aja linali lisanakhazikike. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti ukaona masamba otero, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda ngati kamba. Koma a Jenkins magazi anali atatentha.

"Tidutse pang'onopang'ono basi. Tili pachitatu, mwana iwe! Mpando wako uli m'manja."

"Zimitsani injini."

"Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa. Zimitsani."

Anazimitsa. Maud anavula chisoti, n'kumasula chitenje chija kufunda kumutu, n'kutsika. Anatola nthambi zija imodziimodzi kuzibwezera m'malo mwake. Nthawi yomweyo amuna anatulukira pakati pa nyumba atasenza jeneza, shehe ali patsogolo, nkhope zawo zili mbuu ndi fumbi limene anawathira anzathu aja. Ankayenda mumsewu momwemo kulowera kumanda. Atayang'ana Datisani ija maso awo sanali abwino ayi.

A Jenkins manyazi anawagwira. Anatsika, n'kusiya chisoti pampando, n'kulowa pagulu paja. Mkhristu wa Angilikani, ovolosi ili yamafuta, anapereka phewa n'kusenza nawo jeneza mapazi angapo monga achitira mwamuna aliyense wokumana ndi maliro, kenaka n'kupatsira wina. Maud anapita pamene panakhala azimayi, n'kugwada, n'kupepesa m'Chiyao. Wotchi ija inali pamkono pake ikuyenda, ndipo akuti sanaiyang'ane ngakhale kamodzi.

Panapita mphindi khumi ndi zinayi. A Jenkins atabwerera anali ndi nkhani yoipa. Kumapeto kwa mudzi anyamata anali atagubuduzira chipika cha mango pamsewu, ndipo yofiira ndi yoyera zinali zitaima pamenepo. Akuluakulu anali atanena kuti palibe galimoto idutse mpaka anthu atabwerako kumanda. Kumbuyo nako magalimoto ena atatu anali atafika, wina n'kumaliza hutala, pamaliro!

"Basi, zathera pano," anatero a Jenkins. "Pepa mwana wanga."

Koma mayi wina wachikulire anali atadzuka pagulu la azimayi lija akumuyang'anitsitsa Maud. Anali a Ajira, mng'ono wake wa namfedwa.

"Si iwe mwana wa kabuku iwe? Unamwa madzi pakhomo panga chaka chatha, n'kunditsitsira mtolo wa nkhuni kuphiri?"

"Ndine, amayi. Pepani ndi zovutazi."

"Nanga mwaimiranji, anzanu athamanga?"

"Chaona mnzako chapita, amayi."

A Ajira anagwedeza mutu. Maud anafunsa chimene ankaopa kufunsa pamaliro: chilolezo chodutsira kuseri. Kuseri kwa nyumba ya a Ajira kunkayambira kanjira kakale ka thirakitala kamene kankakwera paphewa pa phiri n'kukatsikira kutsidya. Pa mapu a kalabu kanalibepo. Maud anali atakayenda kawiri wapansi. Polowera pake a Ajira anatchingapo ndi mitengo kuopa mbuzi.

Mayi aja anangopita n'kukasolola mitengo ija okha.

"Koma musalize chinthu chanucho pafupi ndi siwa," anatero.

A Jenkins anamasula buleki, Maud n'kugwira chiwongolero, ndipo azimayi asanu ndi mmodzi anathandiza kukankha Datisani mwakachetechete mpaka kuseri kwa nkhokwe. Oyendetsa atatu akumbuyo aja ataona zimenezo analiza injini kuti atsatire. Anapeza mitengo yabwerera kale, azimayi ayala mphasa pakhomo pa kanjirako, akhala phee, miyendo atatambasula. Wa hutala uja anayesa kulankhula nawo Chingerezi.

Kanjirako sikanali ka galimoto. Udzu unkafika pagalasi, ndipo a Jenkins akuti sankaona chilichonse koma thengo. Ankangomvera mawu a kumanzere. "Chitsa kumanja, mapazi makumi awiri. Tsopano giya yoyamba. Pamtsinje pali mwala wathyathyathya, kwerani pomwepo, kumanzere kuli dzenje lomeza ng'ombe." Penapake tayala lakumbuyo linalendewera kuphompho, a Jenkins n'kuyamba Atate Wathu. Maud anawadula pakati. "Mukamalizira kunyumba, bambo, pondani!" Anatulukira posayinitsa pachinayi kuchokera m'tchire, udzu uli pa bampala, wosayinitsayo akuyang'ana mbali ina kumene kunali msewu.

Ife pabwalo tinali titatopa n'kudikira. Ndinabwera ndi lichero langa la usipa kuti tsiku lisapite pachabe, ndipo bambo anabwera atavala jekete la kutchalitchi, akunena kuti angodutsa popita kukagula ulusi wa ukonde. Ulusi wake anaugula maola anayi ataima malo amodzi. A Tomasi ankazungulira n'kumauza aliyense kuti Datisani ili m'phompho.

Kenaka mwana wina pamtengo anakuwa kuti fumbi kumlatho. Aliyense ankayembekezera yofiira. Inatulukira yobiriwira, nyali imodzi itasweka, nthambi ikukwekwereka pansi, kumbuyo kwake kulibe wina aliyense.

Abale, ndinaiwala kuti ndine mayi wa ana atatu. Lichero ndinaliponya m'mwamba, usipa n'kugwera anthu m'mitu, nthungululu ili pakamwa. Msika wonse unakhamukira pabwalo. Amayi a mandasi, a matemba, ngakhale aja ankaseka diresi m'mawa, onse ankavina m'fumbi akuimba dzina la Maud. Ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi. Bambo anagwira mkono wa munthu wosamudziwa n'komwe n'kumuuza kuti, "Ameneyo ndi mwana wanga. Injini ya boti langa anakonza ndi iyeyo."

Galimoto yachiwiri inafika patapita mphindi makumi anayi. Wa yofiira uja anadandaula kuti Datisani yabera njira. Mlembi wa kalabu anatsegula buku la malamulo, n'kuwerenga mokweza, n'kuyang'ana khadi la Maud. Masiginecha asanu onse analipo. Kenaka anamufunsa wodandaulayo chimene chinamuchedwetsa, ndipo iye anangoyang'ana nsapato zake. Kuthamanga sikufika.

Chikho atalandira, a Jenkins anati tizungulire nacho tauni mpaka kumsika. Apo n'kuti a Tomasi atasintha kale nyimbo. Ankauza anthu kuti mwanayo anamuphunzitsa mapu ndi iwo, ndipo pamene Maud ankapatsana moni ndi bambo, iwo anatsegula chitseko chakumanzere n'kukhala, chikho n'kuchiika pamiyendo, n'kuyamba kubayibitsa anthu pawindo.

A Jenkins anazungulira galimoto pang'onopang'ono, akupukuta manja ndi kansanza. Munthu ameneyu kwa zaka zitatu anali asanawayankhepo alamu akewo ngakhale liwu limodzi. Anatsegula chitseko chija n'kuchigwira.

"Alamu," anatero, "tatsikani. Mpandowo uli ndi mwini wake."