Foni ya ku Telford imene ndinalephera kuyankha

Amayi a Chisomo, amene tinkakhala nawo nyumba imodzi ku Foleshill, anali atangogula foni yopanda mabatani, yagalasi lokhalokha. Ine ndinawauza kuti mafoni amenewo ndimawadziwa bwino. Zoona zake, ndinali ndisanagwirepo foni yotero n'kamodzi komwe.

Sabata imeneyo ankadikira yankho kuchokera kuchipatala china ku Telford, kumene anakachita intavyu ya unesi. Lachinayi masana, iwo akusambitsa mwana kubafa, foni inalira patebulo.

"Anti, ndiyankhireni!" anakuwa. "Ndi a ku Telford amenewo!"

Ndinaitola. Pagalasi panali kamuvi kobiriwira, ndipo ndinakadina. Foni inapitiriza kulira. Ndinadinanso mwamphamvu ndi chala chachikulu, kenako ndi chikhadabo. Ndinafika poigwedeza ngati botolo la mankhwala. Sindinkadziwa kuti kamuviko kamafuna kukokera chakumbali, ndipo kufunsa ndinachita manyazi. Kenako foniyo inangoti zii.

Anatuluka akuthamanga, thovu lili m'mikono. "Akuti bwanji?"

"Yaduka yokha," ndinatero, maso ali pansi. "Netiweki ya m'nyumba muno mukuidziwa."

Nambala inali yobisika, moti kubweza foni kunali kosatheka. Anakhala pampando mpaka madzulo, foni ili pamiyendo, chakudya osachikhudza.

Achipatala anaimbanso mawa lake, ndipo ntchito anaipeza. Koma asanatero, mayiwo anaimbira kampani ya foni n'kukalipira munthu wosalakwa kwa theka la ola. Ine ndinali pambali pawo, ndikugwedeza mutu, n'kumawonjezera kuti, "Auzeni ndithu!"