Paja ndinu amake ndani?

Lachiwiri lapitali ndinachita manyazi ku chigayo cha ku Zemba. Ine amene ndimadzitama kuti ndinawerenga ngakhale nyuzipepala zokulungira usipa, ndinalephera kupereka moni.

Pamzere panali mayi wina wa imvi zoyamba kumene, thumba la chimanga lili pamapazi. Nkhope ndinaidziwa, dzina linandithawa. Ndiye ndinachita zimene tonse timachita.

"Pepani amayi, paja ndinu amake ndani?"

Mmodzi mwa azimayi a pamzerepo anayamba kukonza chitenje chomwe chinali chokonzeka kale.

"Ndine amake mbuzi ziwiri, abambo," anayankha mofatsa. "Zonse zili bwino."

Anthu anaseka. Iwonso anaseka, koma ndi mano okha. Apo m'pamene ndinakumbuka: anali aNambewe, a mudzi woyandikana ndi wathu, amene sanakwatiwepo ndipo sanabereke.

Ndinapalasa njinga ulendo wonse wobwerera ndikudzifunsa: kodi ndalakwa ndine, kapena moniwo?

Taganizani. Kuno mkazi akabereka, dzina lake timalipinda n'kuliika pansi pa mphasa, n'kukhala amake Uje. Umenewo ndiye ulemu wathu. Nanga amene alibe Uje timamutcha chiyani? Mayina alipo, koma onenera kumbali. Ali mtsikana, ndi mbeta. Akafika zaka zakutizakuti, ndi chumba. Akavala bwino, akufuna amuna a eni. Akakalamba, mwana wa wina n'kutentha thupi, basi ndi mfiti, akuti ana ake anawadyera m'mimba.

Mwamuna wa msinkhu womwewo timangoti akali kusankha.

Chonsecho aNambewe analera ana atatu a mng'ono wawo amene anamwalira. Anawabereka kumbuyo popita ku kiliniki, nawaphunzitsa ndi nsawa za m'munda mwawo. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo umakoma pakamwa mwana akamafuna phala. Tsiku la ukwati wa woyamba mwa anawo, aNambewe anawaika kukhitchini kutsuka mbale, pampando wa amayi panakhala ena. Akuti wosabereka angalangize chiyani?

Zikanathera pa mayina, bwenzi ndikuti ndi mphepo chabe. Koma mayina ali ndi manja.

Anawo atakula n'kupita m'matauni, achibale anayamba kuuyang'ana munda wa aNambewe, uja wa kumphepete kwa dambo umene amayi awo anawasiyira. Mlongo wawo akuti, "Munthu mmodzi, mimba imodzi, munda wonsewu ngwa chiyani? Adzasiyira yani?" Palibe amene wakuwa. Palibe amene watukwana. Akungolankhula ngati mwini mundayo anaikidwa kale m'manda, pomwe iye akudzuka m'mawa uliwonse kukalima. Mundawo ukapita, adya chiyani? Ndani adzawaimire pabwalo, poti woimira mayi ndi mwana wake?

Ndipo inu amene mukuwerenga, musafulumire kugwedeza mutu. M'mudzi mwanu alipo wotere. Dzina lake lenileni mukulidziwa?

Madzulo a tsiku la kuchigayo lija ndinakhala pakhonde, buku lili pamwendo koma osalitsegula. Mnansi wanga aTembo, bambo wa ana asanu ndi awiri, anabwera kudzacheza. Ndinawafotokozera zonse, n'kunena kuti ndikuganiza zokapepesa.

"Aa, achimwene, mabuku akukufewetsani mtima," anatero akusenda chinangwa. "Mupepese chiyani? Anazolowera amene uja. Munthu wotere sasunga zinthu kukhosi, alibe womusungira."

Anatafuna pang'ono, kenaka anandigwira bondo.

"Koma chimene ndabwerera ndi pulawo yanu ija. Mundibwereke Lolemba. Mlongo wake wa Nambeweyo wandipatsa chigawo cha munda uja wa kudambo, ndikufuna ndigaule mvula isanagwe. Mwini wakeyo akamuuza Lamulungu, akatuluka m'tchalitchi."