Tsiku Limene Ermelinda Anaona Tete

Mlongo wanga Ermelinda anabadwira ku Tsangano, kumapiri kumene madzi a mumtsuko amapweteka mano m'mawa. Wamkulu ndine. Ine bambo ananditumiza kushikola kwa ansembe mpaka ndinakhala purofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, iye anamupatsa khasu. Anakwatiwa ndi Osório wa ku Chidzolomondo, munthu wa ng'ombe zowonda ndi mawu ochepa, ndipo nkhondo itafika anathawira limodzi ku Malawi. Kumeneko anaika ana awiri m'manda a eni. Wachitatu anakhala ndi moyo, ndipo namwino wa kumsasa ndiye anamutcha Gift. Atabwerera kwawo anapeza m'khola mwamera mitengo. Osório anadwala chifuwa, n'kumwalira mwanayo asanadziwe kulemba dzina lake.

Ermelinda sanakwatiwenso. Ankalima fodya kumunda, kudimba n'kubzala kachewere wa mbewu yochokera kwathu ku Tsangano. Zala zake zinada ndi utomoni wa fodya ndipo sizinayerenso. Sanali munthu wodandaula. Sanalinso munthu woseka kwambiri. Mvula ikakana ankati yakana, ikagwa ankati yagwa.

Gift anali ndi mutu, ndipo amene anauona ndine. Atamaliza makalasi a kumudzi ndinamutenga ndekha kupita naye ku Tete, n'kumusiya kwa Dona Alda, mayi wamasiye amene anali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba yake. Mwanayo ankasesa pabwalo, kutunga madzi, kenako kuwerenga. Chaka chilichonse pokolola, matumba a kachewere ndi nyemba ankakwera shapa, minibasi zathu zija, kupita kwa Dona Alda. Mayiyo anadya kachewere wathu zaka zonsezo osabwerapo n'kamodzi komwe kudzaona dimba limene ankachokera.

Gift anapeza ntchito ya mu ofesi ku kampani ina ya malasha ku Moatize. Chaka chatha anaimba foni kuti akukwatira Eva, mwana wa anthu a mumzinda. Pa mwambo wathu nkhoswe yake ndine, mtsibweni wake. Nditafunsa kuti ndipite liti kukaonana ndi akuchikazi, anati, "Musavutike atsibweni, padirinyu woimira ukwati wapezeka kale, ndi abwana anga." Mawu amenewo ndinawasunga. Ndikadali nawo.

Ermelinda za unkhoswe sanazilabadire. Iye ankafuna chinthu chimodzi: kukhala pampando wa mayi wa mkwati, kutsogolo m'tchalitchi, aone ndi maso ake mwana wake akuveka mkazi mphete. Anasoketsa kapulana, chitenje chatsopano, kwa telala wa ku Furancungo. Anagula nsapato zachidendene, zoyamba m'moyo wake, ndipo ankazivala popita kudimba kuti mapazi azizolowere. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Alongo, mayi wa mkwati amaimirira nthawi yanji? Ndisakachititse mwana manyazi."

Tinanyamuka Lachisanu, mwezi wa Okutobala: ine, Ermelinda, Doroteia mlongo wake wa malemu Osório, ndi akuluakulu angapo a kumpingo. Ife anthu a kumapiri chovala chabwino timachidziwa kuti ndi jekete yokhuthala, choncho aliyense anavala yake, amayi n'kuwonjezera majuzi. Shapa itatsika mapiri, mphepo yolowa pawindo inasanduka ngati yochokera m'ng'anjo. Palibe anavula. Tinali kupita ku ukwati.

Anatigoneka ku Matundo, tsidya lino la Zambezi, m'nyumba ya munthu amene sitinamuone. Gift anabwera kudzatipatsa moni. Anagwada pamaso pa mayi ake, foni ikulira m'thumba, n'kunena kuti zonse zakonzeka, m'mawa kubwera galimoto. Matumba a kachewere amene Ermelinda anabweretsera akuchikazi anawaika kuseri kwa nyumba, padzuwa.

M'mawa Loweruka galimoto inabweradi. Woyendetsa anali Belmiro, msuweni wa mkwatibwi, bambo wonenepa wansangala, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe.

"Bon diya, makolo. Mkwati wanena kuti ndikupangitseni paseyo kaye, muone mzinda. Munthu sangafike ku Tete n'kubwerera osaona Tete."

"Nanga kutchalitchi?" anafunsa Ermelinda. Anali atavala kale kapulana wake ndi nsapato zija.

"Nthawi ilipo, amayi. Ukwati wa mumzinda suthamanga."

Anayamba ndi mlatho wakale, wolenjekeka pa zingwe zachitsulo. Anaimika galimoto n'kutiuza kuti tiwoloke wapansi, chifukwa amene wawoloka ali m'galimoto sanawoloke. Galimoto ikamadutsa mlathowo unkanjenjemera pansi pa mapazi. Doroteia anagwira chitsulo ndi manja awiri.

"Iwe Belmiro, amene anamanga ichi anali ataledzera?"

"Chakhala chikugwedezeka chonchi ine ndisanabadwe, tiya."

"Ndiye chatopa. Tiyeni tichokepo."

Ermelinda anayang'ana madzi pansi nthawi yaitali. Anali asanaonepo madzi ochuluka chotero. Anati, "Onsewa akungopita, palibe wothirira nawo kanthu." Kenako anafunsa ngati nthawi yakwana. Belmiro anati ikadalipo.

Anatipititsa kukaona malinga akale a Apwitikizi, makoma a miyala ndi mfuti yaikulu yadzimbiri. Mbiri imene ankafotokoza inali yolakwika kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo ndinamuwongolera, koma palibe ankamvetsera. Thukuta linali litadutsa malaya n'kulowa m'majekete. Mkulu wina wa mpingo anakhala pansi pamthunzi wa khoma n'kunena kuti mfutiyo aiona ali pomwepo.

Kuchoka apo tinalowa mumsika wa Kwachena. Belmiro ankayenda patsogolo ngati mwini munda. Anatilawitsa masawu ouma, anatigulira malambe, anationetsa milu ya chikowa, nsomba zong'amba pakati zothira mchere, zouma gwa. Anati amene sanadye chikowa chophika ndi nsinjiro asamanene kuti anadyapo ndiwo. Doroteia ananunkhiza imodzi n'kuibweza.

"Iyi inafa chaka cha nkhondo."

Wogulitsa anaseka, n'kumuyankha m'Chinyungwe mawu amene Belmiro anakana kumasulira. Ermelinda anaima pa mulu wa kachewere, anatola mmodzi, n'kumukanda ndi chikhadabo. Anati ndi wa kwathu, koma anamukumba asanakhwime. Nsapato zinali zitayamba kumudya. Ankayenda moponda ndi m'mbali mwa phazi.

"Mwanawe," anatero kwa Belmiro, "dzuwa lafika pamutu."

"Tidye kaye, amayi. Kutchalitchi munthu wanjala amagona."

Anatikhazika pa baraka ina yogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu, poonekera mtsinje. Kunabwera nsomba ya pende yokazinga yathunthu, nyama ya mbuzi yowotcha, tsabola, ndi zakumwa zozizira mpaka botolo kuchita thukuta. Sindinama: mbuzi ya ku Tete ndi yokoma. Belmiro anati n'chifukwa chakuti imadya masawu. Zimandipweteka mpaka lero kuti ndinaidya mokondwa.

Tili pakati pa kudya tinamva mahutala. Magalimoto ankabwera mondondozana, atamangidwa nsalu zoyera ndi maluwa, akupita kumalo ojambulirako zithunzi kumtsinje. Doroteia anati, "Taonani alamu, enanso akukwatira lero." Galimoto yoyamba inachepetsa liwiro pa chitumbira cha pamsewu, pafupi ndi ife ngati apa ndi apo. Kumbuyo kunakhala Gift, atavala suti yotuwa, pambali pake mkazi wovala zoyera. Dzanja lake linali pawindo, mphete ili kuchala. Ankaseka ndi munthu wa kutsogolo ndipo sanatione. M'galimoto yachiwiri munali Dona Alda, atavala nsalu yofanana ndi ya mayi wa mkwatibwi, duwa lili pachifuwa.

Magalimoto anadutsa onse. Mahutala anapita kutali.

Ermelinda anali atagwira nthuli ya nsomba. Anaiyang'ana, anachotsa munga, n'kuiika m'kamwa. Atameza anati, "Suti yamukhala."

Ine ndinatembenukira Belmiro. Ndinamufunsa m'Chipwitikizi, kuti amve bwino, ngati ankadziwa. Nsangala zonse zinamuthera. Anati anangouzidwa kuti akuchimuna a kumudzi atopa ndi ulendo, kutchalitchi n'kopanikiza, awasangalatse mpaka nthawi ya phwando. Anati ankaganiza kuti ndife achibale akutali.

"Awa ndi ndani kwa mkwati?" anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana Ermelinda.

"Anamubereka," ndinatero.

"Nanga Dona Alda?"

Belmiro anapita kukaima pafupi ndi galimoto yake, ndipo sanabwerenso kudzamaliza mbale yake. Ermelinda anamaliza yake yonse, anasamba m'manja, n'kufunsa mtsikana wa pabarakapo kuti nsombayo amaithira chiyani asanaikazinge.

Kuholo ya phwando tinafika dzuwa litapendeka. Tebulo lathu linali kumapeto, pafupi ndi khomo lolowera operekera zakudya. Gift anabwera, n'kugwada pambali pa mpando wa mayi ake.

"Amayi, mwayenda bwanji? Mwauona mlatho?"

"Ndauona."

"Kutchalitchi kunatentha kwambiri, amayi. Mukanakomoka. Ndiponso zonse zinali m'Chipwitikizi."

"Chipwitikizi unachiphunzira kwa yani?" ndinamufunsa.

"Atsibweni, pano si pokambira zimenezo."

"Pokambira pake ndi pati? Pamlatho?"

Ermelinda anandigwira mkono. Anakonza kolala ya suti ya mwana wake, ngakhale inali bwinobwino, n'kumuuza kuti apite, anthu akumudikira. Anapita.

Patapita nthawi woyendetsa mwambo anaitana pa chimkuzamawu kuti mayi wa mkwati abwere kutsogolo adzapereke mawu ndi kujambulitsa. Dona Alda anaimirira. Ali pakati pa holo anaona tebulo lathu, ndipo anaima. Ndikuganiza kuti anazindikira nkhope, chifukwa Gift ndi mayi ake mphuno ndi imodzi. Anabwera mpaka pamene tinakhala, anthu onse akuyang'ana, n'kutambasula dzanja.

"Mana, m'bale wanga, tiyeni tonse. Gift anandiuza kuti mukudwala, simubwera."

Doroteia anamukankha ndi chigongono. "Nyamukani alamu. Nsapatozo munagulira chiyani?"

Ermelinda anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana kutsogolo kumene Gift anaima ataweramitsa mutu ngati akuwerenga kanthu pa keke.

"Pitani inu, mayi," anatero. "Mwavala kale nsalu yake. Ine mapazi atupa."

Dona Alda anaimabe pang'ono, kenako anapita yekha. Analankhula mwachidule. Anthu anaomba m'manja, ndipo Ermelinda anaomba nawo. Ine manja anga anali m'matumba a jekete.

Tinabwerera Lamulungu. Gift anatiperekeza pokwerera shapa ndi katoni ya zakudya zotsala kuphwando. Sindinamupatse dzanja, ndipo sindinamupatsebe. Mayi ake anamuuza kuti asamalire mkazi, ndiponso kuti kachewere uja amuchotse padzuwa. Ulendo wonse Ermelinda anakhala pawindo nsapato zili pamiyendo. Sanalire. Titayamba kukwera mapiri anavala juzi yake n'kugona.

Madzulo a tsiku lotsatira amayi a kumpingo anasonkhana pakhonde pake kudzamva za ukwati. Ndinalipo, ndipo ndinali wokonzeka kunena zonse. Ermelinda anayamba yekha. Anawauza za mlatho wogwedezeka, kuti awoloke wapansi koma asayang'ane pansi nthawi yaitali. Anawauza kuti ku Kwachena asagule chikowa choyamba kuchiona, alowe mkati. Anafotokoza pende, kuti amamuthira mandimu ndi adyo, n'kumusiya kanthawi asanamuike m'mafuta. Anawachenjeza kuti asadzavale majuzi. Anagawira aliyense malambe. Analankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinamumverapo m'moyo wake wonse, ndi mawu amodzimodzi, osakwera osatsika.

Mayi wina anafunsa kuti, "Nanga m'tchalitchi munali bwanji? Anakukhazikani kutsogolo?"

Doroteia anayang'ana kumbali. Ine ndinatsegula pakamwa.

"Kumeneko sitinafikeko," anatero Ermelinda. "Tete ndi wamkulu. Tsiku limodzi sungaone zonse."

Anadzuka, anatenga ndowa, n'kunena kuti nazale ya fodya yakhala osathiriridwa chichokereni.