Makina a atate akwera phiri

Mwaswera bwanji nonse.

Atate anyamuka kupita kuchinkhoswe ku Dedza, atanyamula makina aja owapopera mpweya akagona. Anesi anatichenjeza kuti kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndiye tikapanda kuwasintha makinawo, atate azikabanika kutulo.

Amama akana: "Ku Dedza mphepo ndi yambiri, muwachepetse mphamvu kumene!"

Ine, munthu amene koleji inandikanika, ndafotokoza modekha kuti mphepo si mpweya. Ndaimbira anesi, ndadina batani mmene andiuzira, nambala ya pakachithunzi ka phiri pamakinapo yachoka pa thuu kufika pa firii.

Pokwera minibasi pa boma, atate auza kondakitala mokweza: "Ameneyu ndi mwana wanga, injiniya."

Abale, ndiwauze atate zoona kapena dzinali likhale?