Asilikali a Che Saidi Achuluka

Mboni zanga ndi zitatu, ndizitchuliretu. Yoyamba ndi mkazi wanga Abiti Amadu, amene sananamepo chibadwire, kupatula pa nkhani ya zaka zake. Yachiwiri ndi apurofesori Mateyu, aphunzitsi opuma ntchito, amene amawerenga Chipwitikizi ngakhale pepala litazondoka. Yachitatu ndi njinga. Imeneyi siyankhula, koma ndiyo yaona zambiri.

Lolemba m'mawa alamu anga, Che Saidi, achimwene ake a mkazi wangayo, anafika pakhomo akukankha njinga yawo. Kukankha! Munthu amene amanyamuka kunyanja ya Amaramba ndi dengu la nsomba lalikulu ngati bwato, n'kufika pa Chiuta nsombazo zisanadziwe kuti zagwidwa. Ndikulumbira.

"Alamu, njingayi ikhale kwanu," anatero. "Buleki yakumbuyo ndi yabodza. Ndipo mwana wanga Fatima asasiye sukulu."

Mkazi wanga anangokhala pansi pomwepo.

Nkhani yake ndi iyi. Miyezi inayi yapitayo Che Saidi anagwera m'dzenje ndi njinga, kapamba n'kuphulika. Madotolo ku Cuamba anachotsa kapambayo, munthu n'kuchira. Sabata yatha anakayezetsa magazi. Anawapatsa pepala, nambala imodzi itazunguliridwa ndi inki yofiira, n'kuwauza kuti adikire anamwino. Sanadikire. Mzere unali wautali, nsomba zili padzuwa.

Pepalalo, lolembedwa m'Chipwitikizi, linayenda khomo ndi khomo mpaka linafika kwa apurofesori. Iwo anavala magalasi n'kuti, "Awa ndi maselo oyera, asilikali a m'thupi. Achuluka kupyola muyezo."

Tsono muuze munthu wa kuno kuti asilikali achuluka! Ife tinathawira ku Malawi tili ana, mphasa pamutu. Tinaphunzira ndi miyendo kuti asilikali akachuluka pamsewu, nkhondo yafika. Umagawa mbuzi n'kutsanzika. Che Saidi anagawa ukonde ndi wailesi, n'kupepesa ngakhale kwa anthu amene sanawalakwirepo. Mmodzi anachita kubwereka chifukwa choti awakhululukire.

"Kwerani," ndinawauza.

"Tikupita kuti?"

"Njinga ndi yanga tsopano. Ndimanyamula amene ndafuna."

Anali opepuka, abale. Mantha a masiku asanu amadya munthu kuposa malungo. Njira yonse anagwira malaya anga ngati mwana.

Titafika kuchipatala, anamwino, mayi wamfupi wosaseka, anawayeza kutentha kwa thupi ndi malungo, kenaka anati, "Kwezani malaya, bambo." Ataona chipsera anagwira m'chiuno.

"Bwanji simunanene kuti mulibe kapamba?"

"Simunafunse, mayi."

"Ndikanafunsa ndani, inu mutathawa? Mverani. Kapamba ndi msasa wa asilikaliwa, ambiri amagona mmenemo. Msasa unagumulidwa, ndiye akungoyendayenda m'magazi. Tikawawerenga amaoneka ambiri, ndipo kwa ena zimakhala choncho nthawi yaitali. Thupi silikutentha, malungo mulibe. Tidzayezanso mwezi wamawa."

"Ndiye nkhondo kulibe?"

"Lero kulibe. Koma thupi likadzangotentha, mubwere tsiku lomwelo, osati mawa lake. Wopanda kapamba sasewera ndi malungo. Ndipo neti ya udzudzu ndi ya pabedi, si ya kunyanja."

Che Saidi anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Akuti m'maso munalowa fumbi. Chipindacho chinali chokolopa.

Nanga bwanji ife timatere? Pepala la kuchipatala timalionetsa kwa aphunzitsi, kwa wogulitsa sopo, kwa mlamu, kupatula kwa amene analilemba. Apurofesori sananame, anawerenga zoona. Koma nambala sidziwa kuti mwini wake anang'ambidwapo pamimba. Akudziwa ndi mwini mimba, ndipo iye ndiye wangoti duu. Safunsa anadya phula.

Ndipo ife amuna, kodi kunena kuti "ndikuopa" kumathyola dzino? Timasankha kugawa ukonde. Mwamuna akayamba kukupatsani zinthu zake popanda chifukwa, musathamangire kuthokoza. Mufunseni chimene chamuopsa.

Titatuluka, Che Saidi anagwira chiwongolero.

"Alamu, khalani kumbuyo. Mumapalasa ngati mukupepesa."

"Si munandipatsa njingayi?"

"Anakupatsani ndi munthu wakufa. Kam'funseni."

Anapalasa akuimba mpaka pakhomo, pomwe mkazi wanga anali chiimire kuyang'ana kumsewu. Atamva nyimboyo anaphimba nkhope ndi chitenje. Ife tinamudutsa, tinadutsa nkhokwe, n'kukaima m'munda wa chinangwa.

Buleki ija ndi yabodzadi. Kafunseni mboni yachitatu.