Tambala wa alamu anga

...ndiye mzungu wina kuchionetsero kuja, magalasi ali pamphuno, akuti "taonani mizere iyi!" Ine kuseka mpaka mlonda kundiyang'ana. Alamu anga a Fulaye, dzulo ndinakukumbukani. Kutauni kuno ku Leicester aika chionetsero cha maposita akalekale otsatsira mabuku, ati ndi luso. Luso lake liti? Paposita ina ajambula kamayi kowonda ngati udzudzu katagwira buku, basi, anthu n'kumaima duu ngati ali pamaliro. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa mzunguyo posita yanu, munthu analira mpaka magalasi kugwa.

Mukuikumbuka? Ija munajambulira buku la ndakatulo la abusa athu a ku Evington, mutangoweruka ku shifiti. Tambala wofiira psuu ataluma buku, maso ake oti ana a Sande sukulu ankathawa. Ndinakufunsani, "Alamu, bukulo mwaliwerenga?" Inu mumvekere, "Ndakatulo za abusa angazimalize ndani? Asiyeni, tambalayu ndiye agulitse." Anagulitsadi, ngakhale osadziwa kuwerenga anagula. Koma mutangotisiya, anzanu omwe munkakhala nawo m'nyumba ija ya ku Braunstone anaimata positayo pazenera losweka kuti mphepo isalowe. Mbuli zenizeni! Ndinakaimatula ndekha, ndinati azizidwe, aone polekera. Tambala ananyowa mchira koma ali moyo, ali pabalaza panga mufulemu.

Chabwino alamu, zoti mzungu analira ndawonjezera, anangoti "lovely" n'kusuntha. Koma tambala wanu sadzatsekanso zenera la munthu ine ndili moyo.