Tizilombo ta m'chitini cha mzungu

Dzulo pa Kalomwe ndinagula mpiru wa masamba obowokabowoka ngati sefa. Nditauyang'anitsitsa, mtima unandiwawa.

Ndili kamtsikana ku Lifidzi, udzu wachilendo unadzaza m'madimba mwathu n'kumapha kachewere. Tsiku lina mzungu wa zaulimi anafika ndi asipayi, apolisi a atsamunda, atanyamula chitini. Atachitsegula munatuluka tizilombo takuda todumphadumpha. Ine ndinkayesa ndi nthata zoti zitilume mpaka tisamuke, moti ndinayamba kudzikanda ndisanalumidwe n'komwe.

"Timeneti tidya udzuwu," anatero msipayi wina. "Wotentha dimba aona zakuda."

Koma tizilomboto tinausiya udzuwo n'kukhamukira pa mpiru wa amayi. Abambo anapirira mpaka kutopa.

"Ana angawa adye udzu?" anatero, n'kuyatsa moto. Utsi wake wowawa ndimaumvabe m'mphunomu.

Asipayi anawatenga. Anabwerako manja atatupa ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja, ndipo amayi ankachita kuwamwetsa madzi ngati khanda.

Adzukulu anga ophunzira amati njira yothetsa udzu ndi tizilomboyo ndi yanzeru, yosafuna mankhwala. Kaya. Chimene ndinaona ine n'chakuti kachilombo kanali ndi asipayi okateteza, abambo anga analibe.